Zotupa za kunkhongo zinandidyera tsitsi ndikuti ndi mabampu a makina

Ntchito ya ulonda ndinailowa mu 2014 ku kampani ina ya zachitetezo mu Blantyre, ndili ndi zaka 23. Pa perete ya m'mawa akuluakulu ankayang'ana zinthu zitatu: nsapato ziwale, malaya atsekedwe mabatani mpaka pakhosi, mutu ukhale mpala. Ukabwera ndi katsitsi ankakubweza pa geti, tsikulo osalembedwa. Ndiye Loweruka lililonse ndinkakhala pa benchi ya mnyamata wina wometa kuseri kwa msika kwathu ku Ndirande. Akamaliza ndi makina ankathyola lezala pakati n'kukonza mzere wa kunkhongo kuti uwongoke ngati waikidwa rula, kenako n'kuwaza sipiliti. Kunyereketsa kwa sipilitiyo tinkakukonda. Tinkati ndiye kuti majeremusi akufa.

Patatha miyezi ngati isanu ndinayamba kumakhudza tinthu kunkhongo ndikamasamba, tolimba ngati njere za mapira, m'munsi mwenimweni momwe tsitsi limathera. Tinkayabwa, makamaka usiku ndili pa geti, thukuta likutsikira m'kolala. Nditamufunsa wometa uja anangoseka.

"Amenewo ndi mabampu a makina, achimwene. Aliyense amatuluka. Tiwonjezere sipiliti basi."

Ndinamukhulupirira, poti pa benchi pomwepo panali anthu ena awiri a nkhongo ngati yanga. Komanso nkhongo ndi malo oti mwiniwake suwaona. Chilonda cha pankhope umakumana nacho pagalasi m'mawa uliwonse, sichikupatsa mtendere. Cha kunkhongo amachiona ndi amene akhala kumbuyo kwako mu minibasi, ndipo iwowo sakuuza kanthu.

Mlandu wonse ndinaukankhira pa makina akuda. Ndinasintha ometa katatu. Kenako ndinagula makina anga ku Limbe pa K9,000, ndalama yomwe nthawi imeneyo inali pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi, n'kumawanyamula m'kajumbo popita kometa. Makina anali anga, oyera, koma kametedwe kanali komweko: mpala wa see, lezala kunkhongo, sabata iliyonse. Tinjere tija tinachuluka. Makina akadutsa pamwamba pake ankatidula mitu, magazi n'kutuluka, ndipo pofika Lachiwiri tina tinkakhala ndi mafinya. Kolala ya malaya a yunifomu inali yolimba, yokhutitsidwa sitachi, inkakhula pomwepo maola 12 a shifiti. Ndinkachapa ndekha malayawo kuti munthu asaone madontho.

Apa pomwepa ndi pamene nkhani yonse ikanathera. Ndikanangosiya kumeta mpala, tsitsi n'kulilola likule pang'ono, n'kukaonetsa kuchipatala tinjereto tikadali tating'ono, bwenzi lero ndilibe cholemba. Safunsa anadya phula.

M'malo mofunsa achipatala ndinafunsa anzanga. Wina anati ndizipaka mankhwala otsukira mano ndikamagona. Wina anati ndizifinya mpaka katsitsi kobisala mkati katuluke, ndipo ndinkathera madzulo ndikuboola ndi singano ya zovala, galasi lina kutsogolo lina kumbuyo. Pamsika anandigulitsa kachubu ka mafuta ena omwe amayi amayeretsera nkhope. Amenewo anachepetsadi kuyabwa masiku angapo, nditasiya zinabwerera ndi ukali. Choipitsitsa chinabwera mu 2016. Mnzanga wa pa shifiti, yemwe mkulu wake anali makaniko, anandibweretsera mafuta a mabuleki a galimoto m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Anati amaumitsa chilichonse, ngakhale zipere zokanika.

Ndinapaka mausiku atatu. Usiku woyamba kunawotcha, ine n'kumati akugwira ntchito. Wachiwiri ndinagona chafufumimba. Wachitatu khungu linasupuka n'kutsalira pa thonje, pansi pake pali psuu. Bala lake linali lalikulu ngati chikhatho cha mwana, ndipo linatenga masabata anayi kuti litsekeke. Litapola, tinjere tomwe kale tinali patalipatali tinali titagwirana n'kukhala chinthu chimodzi chokwera, cholimba gwa, chonyezimira, chopanda tsitsi ndi limodzi lomwe pakati pake.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti vuto lenileni la matendawa ndi chipsera. Khungu la pamenepo limakhala kale pa ntchito yomanga chipsera chopitirira muyeso, ndiye chilichonse chowotcha, chocheka, choboola kapena chofinya chimangolipatsa njerwa zina zomangira. Asidi wa batire, mafuta a mabuleki, adyo wosinja, singano, zonsezo mapeto ake ndi amodzi.

Anthu anayamba kunong'ona. Mayi wina pa mpope anakokera pambali chibwenzi changa, yemwe pano ndi mayi wa ana anga, n'kumufunsa kuti, "Koma ameneyu mwamuyezetsa?" Iye anabwera nazo kwa ine mosabisa, ndipo tinapitira limodzi kukayezetsa magazi kumayambiriro kwa 2017. Tonse tinalibe kachilombo. Kuyezetsako ndi chinthu chanzeru chimodzi chokha chomwe ndinachita zaka zimenezo, koma ndinaphonya mwayi: ndinali kale mkati mwa chipatala, chipewa chili kumutu, ndipo sindinachivule kuti wina aone chomwe chinatibweretsa. Ndinatuluka ndikusekerera, ndikuti ngati si kachilombo ndiye kuti si nkhani yaikulu. Ndinene pano kuti zotupa zimenezi sizisonyeza kuti munthu ali ndi HIV, ndipo sizipatsirana. Akazi anga agona mtsamiro umodzi ndi ine zaka zonsezi, nkhongo yawo ili bwinobwino.

Chaka chomwecho ndinapita kumudzi ku Mulanje kukaonetsa mbeta. Amayi atandiona ndikusamba kumaso pakhonde anagwira pakamwa.

"Mwanangu, izi si zachipatala ayi. Tsitsi lako ukameta amalitaya kuti? Alipo amene analitola."

Sindinkakhulupirira kwenikweni, komanso sindinafune kuwakhumudwitsa. Tinapita kwa sing'anga kutsidya kwa mtsinje. Ananditema mphini 12 kuzungulira chotupa chija n'kukhulamo phulusa lakuda. Ndinalipira K15,000 ndi tambala. Patatha miyezi itatu mphini zingapo zinali zitasanduka timizere tokwera, tolimba, ngati mipanda yozungulira chulu. Amayi sindiwaimba mlandu, anachita zomwe ankadziwa pofuna kupulumutsa mwana wawo. Khosi ndinapereka ndekha.

Kuchipatala ndinakaonetsa koyamba mu 2018, zaka zinayi chiyambire, mafinya atayamba kununkha. Chinali chipatala chaching'ono, mzere utafika panja. Amene anandiona anasuzumira kamphindi, n'kunena kuti mwina ndi zipere zomwe zalowa majeremusi. Anandipatsa mafuta opaka a zipere ndi makapisozi a masiku 7. Mafinya anaumadi. Ine ndinati ndachira, Loweruka lotsatira n'kukameta mpala. Pasanathe mwezi zinali zitabwerera.

Kwa nthawi yaitali ndinkadandaula za wachipatala ameneyo, koma ndikaganiza bwino gawo langa linali lalikulu. Sindinamuuze kuti zatha zaka zinayi, sindinatchule za mafuta a mabuleki kapena mphini chifukwa cha manyazi, ndipo zitabwerera sindinabwerereko. Ndinkapita kwina, nditagula kabuku kena katsopano ka chipatala, moti aliyense ankandiona ngati wobwera koyamba n'kundiyambitsa pa makapisozi omwewo. Mabuku ndinali nawo atatu. Mukhale ndi kabuku kamodzi, kuti woona kachitatu awerenge zomwe zinalephera kawiri. Mupemphe wina azikujambulani kunkhongo pa foni mwezi uliwonse, chifukwa chotupa chokula pang'onopang'ono pakamwa sichifotokozeka. Ndipo mankhwala akalephera, funsani mosaopa kuti, "Kodi simungandilembere kalata ndikaonane ndi a khungu?" Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kuzipatala zikuluzikulu kuli anthu ongoona za khungu basi.

Pofika 2021 kunkhongo kwanga kunali chinthu chonga lamba, kuchokera kuseri kwa khutu lina mpaka pafupi ndi linalo, m'lifupi mwake zala zitatu. Khungu lake linali lokhuthala, ukalitsina silinkatsinika. Ndikawerama kumanga zingwe za nsapato linkakoka ngati ndavala kolala yothina. Pakati panali dazi lonyezimira. M'mbali munkatuluka tsitsi modabwitsa, asanu kapena khumi pa bowo limodzi, ngati mswachi. Panalinso timabowo tiwiri tomwe sitinkauma, ukadina apa mafinya n'kutulukira apo. Mtsamiro tinkauyala kansalu kake kapadera.

Zowawa za thupi zinali zopiririka. Zomwe zinkandidya ndi zina. Kutchalitchi mwamuna savala chipewa, ndiye ndinkafika mochedwa dala kuti ndikhale benchi yomaliza, khoma lili kumbuyo kwanga. Kumaliro chimodzimodzi. Mu minibasi ndinkalimbirana mpando wakumbuyo. Kuntchito anandichotsa pa khomo la ofesi pomwe pamadutsa alendo n'kundipititsa kosungira katundu, usiku. Palibe ananena chifukwa chake, ndipo ine sindinafunse. Mwana wanga woyamba atayamba kuyankhula, tsiku lina ndamunyamula paphewa, anagwira pamenepo n'kunena kuti, "Adadi, chonyansa." Mayi ake anamukalipira, ine ndinaseka, koma usiku umenewo tulo sindinatione.

Zinasintha mu June 2022, ndipo sikuti ndinachita kuganiza bwino ndekha. Mbali ya kumanja kunatupa ngati dzira, kukutentha, mutu ukuwawa, thupi likunjenjemera. Khosi silinkatembenuka. Akunyumba anatenga mabuku atatu aja m'sutikesi, n'kuima pakhomo mwana ali kumsana.

"Bambo, lero simukupita kuntchito. Mukakana ndikaitana ankhoswe, mukawafotokozere iwowo chifukwa chake mukufuna kundisiyira ana."

Wachipatala wa tsiku limenelo anachita kuwerenga mabuku onse atatu. Anaboola chotupacho n'kutulutsa mafinya, anandipatsa mankhwala, kenako analemba kalata yonditumiza ku chipatala chachikulu, kwa a khungu. Kumeneko odwala khungu ali ndi masiku awo. Ine ndinapita tsiku lolakwika, n'kuwononga thiransipoti ndi tsiku la ntchito. Funsani tsiku musananyamuke, ndipo mulawirire, chifukwa mzere wake umayamba kusanache bwino.

Amene anandiona anali bambo wachikulire, kiliniko ofesa yemwe anati za khungu anakaphunzira ku Moshi, m'dziko la Tanzania, komwe kuli sukulu yophunzitsa zimenezi ya maiko a kuno. Sanachedwe. Anandiweramitsa, anadina uku ndi uku atavala magolovesi, anayang'ana pakati pa mutu ndi m'ndevu, n'kukhala pansi.

"Achimwene, matenda anuwa dzina lake ndi acne keloidalis nuchae. Ndimawaona sabata iliyonse. Mwachedwa nawo, koma tichitapo kanthu."

Anandilembera dzinalo m'kabuku. Zaka 8 ndikuyenda ndi chinthu chopanda dzina, kumva kuti n'chodziwika ndipo chili m'mabuku kunandipepuza mtima kuposa mankhwala alionse omwe ndinamwapo.

Anafotokoza pojambula pa pepala. Tsitsi lililonse limamera m'kathumba kake mkati mwa khungu. Kathumbako kakakwiyitsidwa kawirikawiri kamatupa, kenako kamaphulikira mkati, zidutswa za tsitsi n'kutsala m'mnofu ngati minga. Thupi limalimbana ndi mingayo poikutira ndi chipsera, ndipo njere yolimba ija ndi chipsera chimenecho. Njere zikachuluka zimalumikizana n'kukhala chikhungu chokhuthala, timathumba ta tsitsi tomwe tinali pamenepo n'kufa. Tsitsi lathu lopotanali likadulidwa pafupi kwambiri limakhala ndi nsonga yakuthwa ndipo limapindikira m'khungu, n'chifukwa chake matendawa amakonda amuna akuda, kuyambira pamene atha msinkhu. Akazi amawadwala mwa apo ndi apo, mwina mmodzi pa amuna 20. Lezala, kolala yolimba, chipewa chothina, helemeti ya njinga yamoto, kukanda, zonsezi zimakolezera. Majeremusi amabwera pambuyo, khungu litasweka kale, ndipo ndi amene amabweretsa mafinya ndi fungo. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chomwe makapisozi ankaumitsa mafinya koma chotupa osachoka, komanso chifukwa chomwe makina anga a K9,000 sanandipulumutse.

Anatinso si khungu lokhuthala lililonse la m'mutu lomwe lili matenda amenewa. Zipere zikakula zimatupa n'kuthothola tsitsi, makamaka kwa ana. Ena amatupa zithupsa zolumikizana pakati pa mutu, ena khungu la m'mutu limapanga makwinya akuya ngati mizere ya m'munda. Chilichonse chili ndi mankhwala ake, choncho mankhwala anga si oti wina angokopera. Anandiyezetsanso shuga ndi BP, poti anthu a matendawa kawirikawiri amapezeka nazonso zimenezo. BP yanga inali yokwererapo, ndipo ndinadziwira pomwepo.

Ndinafunsa funso lomwe ndinabwera nalo: tsitsi limeranso liti? Anandiyang'ana m'maso.

"Pamene payera apa silidzameranso. Mizu inafa. Tikulimbana kuti tipulumutse lomwe latsala."

Ndinatuluka n'kukakhala pa kakhoma panja kwa nthawi ndithu. Mumtima ndinkayembekezabe kuti alipo mafuta ena ake omwe sindinawapeze. Pa Facebook amagulitsa ambiri olonjeza kumeretsa tsitsi padazi. Pa chipsera palibe chomwe angachite, sungani ndalama zanu.

Pambuyo pake ndinawerenga ndekha pa intaneti, dzina lija nditalikopera bwinobwino. Matendawa anawalemba koyamba ndi dokotala wa ku Vienna, Moritz Kaposi, mu 1869. Nditaona dzinalo mtima unagunda, poti kuno Kaposi timamumvera pa khansa ya pakhungu ija. Munthu ndi yemweyo, koma matenda ndi osiyana kotheratu, awa si khansa. Ndinaonanso kuti ofufuza a ku University of Cape Town atayeza anthu ku Langa, dera lina la mumzinda wa Cape Town ku South Africa, anapeza matendawa mwa mwamuna mmodzi pa 10 alionse, kumene anyamata amakonda mpala womwe iwo amati chiskop. Anzawo a pa yunivesite yomweyo atayeza makina a m'malo ometera anapeza magazi pa ambiri, ndi kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B pa ena. Ndiye makina akoako ndi abwinobe, makamaka ngati uli ndi njere zotuluka magazi, koma chifukwa chake ndi chimenecho.

Chithandizo chinayamba ndi kusiya zinthu. Lezala ayi. Mpala ayi. Kukanda ndi kufinya ayi. Anandilembera kalata yopita nayo kuntchito yonena kuti ndisamete mpala ndipo batani la pakhosi ndizilimasula. Ndinkaopa kuti andichotsa ntchito. Bwana wa shifiti anaiwerenga, anaiika m'faelo, n'kunena kuti, "Bola lizikhala lalifupi ndi laukhondo." Basi. Lamulo lomwe ndinaliopa zaka 8 linagonja ndi kapepala kamodzi.

Anandipatsa doxycycline woti ndizimwa tsiku lililonse kwa miyezi itatu. Anati ntchito yake si kupha majeremusi kokha, amaziziritsanso kutupa. Panalinso sopo wamadzi wa chlorhexidine wosambitsira pamalopo, ndi mafuta amphamvu a clobetasol opaka pa njere zokha, kwa masabata owerengeka kenako n'kupumira, chifukwa ukawapitiriza osalekeza amapyapyalitsa khungu. Pa doxycycline ndinalakwitsa kamodzi. Ndinameza m'bandakucha ndikuweruka, ndi malovu okha, n'kugona nthawi yomweyo. Ndinadzuka pachifuwa pakuwotcha ngati ndameza khala, ndipo masiku anayi nsima inkadutsa movutikira. Amafuna kapu yodzaza ya madzi, utadya, ndipo usagone msanga ukamwa. Usamwere limodzi ndi mkaka kapena mankhwala a chilungulira, ndipo mayi woyembekezera saloledwa kumwa.

Mafinya atauma tinayamba jakisoni wa triamcinolone, wobaya m'chotupa momwemo, kamodzi pa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Sindikunamizani, amawawa. Chipsera n'cholimba moti mankhwala amalowa mokankha, ndipo amabaya malo angapo ulendo umodzi. Ndinkaluma kolala ya jekete. Kuchipatala cha boma sindinkalipira, koma maulendo ena mankhwalawo ankakhala atatha, ndiye ndinkakagula ku famase n'kubwera nawo. Kabotolo koyamba ndinagula K12,000, ndipo mtengo unkangokwera poti kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho. Mwezi wina ndinalibe ndalama, ndinadumphitsa, kuyabwa n'kuyambiranso. Ndinabayitsa kasanu ndi kawiri. Njere za m'mbali zinaphwa, kuyabwa kunatha, khungu linafewa moti ndinkawerama osamva kukoka. Pena pomwe anabaya panayererako kuposa khungu lina, anati zimachitika. Koma lamba wapakati uja anangotsika pang'ono, ndipo timabowo tiwiri tija tinkatsekeka n'kutsegukanso.

Apo ndi pamene anatchula opaleshoni. Anati kunja, monga ku South Africa, ena amawotcha mizu ya tsitsi ndi makina a laser matenda akadali aang'ono, koma pa chotupa chachikulu chokhala ndi mabowo njira yodalirika ndi kuchidula chonse, mozama mpaka kupitirira mizu ya tsitsi, kuti pasatsale choyambitsanso. Chomwe chinandiopsa n'chakuti bala lake sasoka. Amalisiya lotseguka kuti lidzaze lokha kuchokera pansi. Ndinati bwanji osangosoka? Anati bala lotambalala chotero ukalikoka ndi ulusi pamalo opindika ngati khosi, chipsera chimatambasuka kapena kukweranso, pamene lodzaza lokha limafota n'kusiya chipsera chosalala.

Ndinazengereza miyezi itatu. Nditavomera, tsiku linasinthidwa kawiri chifukwa kunabwera odwala a ngozi, ndipo sindikanatsutsa, wanga sunali wa imfa. Anandichita mu August 2023, atandigoneka tulo. Tsiku loyamba kumasula bandeji akunyumba anali pomwepo. Anangoti "Mayo ine," n'kutuluka panja. Anandijambula pa foni nditawaumiriza: dzenje lofiira, lalitali ngati chikhatho changa, loti sungakhulupirire kuti lidzatsekeka.

Masabata awiri oyamba ndinkapita kukatsukitsa ku chipatala chapafupi, kenako anamwino anawaphunzitsa akunyumba kutsuka ndi madzi a mchere a m'botolo, kupaka Vaseline ndi kuphimba ndi gozi. Ankachita m'mawa uliwonse asanapite ku geni yawo. Ndinkagona chammbali. Sabata yachitatu ndi yachinayi sindinkaona kusintha, ndipo ndinayamba kudandaula kuti ndinalakwitsa kuvomera. Zithunzi ndi zomwe zinandilimbitsa mtima: ukayika cha lero pambali pa cha masiku 10 apitawo, m'mbali munkaoneka kuti mukuyandikirana. Linatsekeka lonse pa sabata ya 11. Kuntchito ndinakhala masabata 6 osapita, atatu mwa amenewo opanda malipiro. Nditawerengera thiransipoti, gozi, pulasitala, majakisoni ogula ndi malipiro otayika, kuchokera June 2022 mpaka bala kupola, zinapitirira K400,000. Tinabwereka ku banki m'khonde ya akunyumba, ndipo tinamaliza kubweza chaka chotsatira, kwacha itagwanso mu November.

Lero kunkhongo kwanga kuli chipsera chosalala, chopyapyala kuposa momwe bala linalili, chopanda tsitsi. Chimaoneka ngati tsitsi langa limangothera m'mwamba kusiyana ndi anthu ena. Sichinunkha, sichiyabwa, mtsamiro ndi woyera. Matendawa sanatheretu. Kawiri tinjere tatulukapo m'mphepete mwa m'mwamba, nyengo yotentha ya October, ndipo ndimathamangira mafuta aja ndi kukaonetsa tisanakule. Kometa ndimapita kamodzi pa masabata atatu ndi makina anga, ataikidwa chipeso cha nambala 2, ndipo ndimanena ndisanakhale pansi kuti kumbuyo asakonze mzere, asagwiritse lezala, asakande ndi makina opanda chipeso. Ometa ena amaona ngati ukuwaphunzitsa ntchito. Wanga wa pano anazolowera, mpaka amanditumizira makasitomala ake a njere kuti ndiwaonetse chithunzi cha dzenje lija. Malaya ndimagula a kolala yofewa, ndipo ndikakwera kabaza wa njinga yamoto ndimayala kansalu koyera m'kati mwa helemeti.

Mu minibasi ndinasiya kulimbirana mpando wakumbuyo, koma ndikakhalako maso amangopita pa nkhongo za anthu. Mwezi watha, kuchokera ku Limbe, kutsogolo kwanga kunakhala mnyamata wovala yunifomu ya kampani ina ya ulonda, mpala wa dzulodzulo, mzere wowongoka bwino, m'munsi mwake tinjere mwina 15, tiwiri tili ndi nkhanambo. Ndinalimbana nazo mumtima mpaka pa Chichiri, kenako ndinamugwira paphewa.

"Achimwene, pepani, musandione ngati wamwano. Tinthu ta kunkhongoti mwakaonetsa?"

Anatembenuka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndi mabampu a makina awa, madala. Ndagula kale sipiliti."

Ndinavula chipewa n'kumutembenuzira nkhongo yanga. Anakhala chete. Ndinalemba dzina la matendawa kuseri kwa lisiti ya magetsi yomwe inali m'thumba, pansi pake n'kulemba kuti "a khungu, pemphani kalata". Anailandira ndi manja awiri, anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo anatsikira pa Ginnery Corner.